Burton Custom X ndi anzake atatu: thabwa liti la munthu wa ku Joni wopita ku Afriski?

Chipale chofewa chomwe chinagwa mu Joni muno pa 10 Julayi 2023 chinangothera pa zithunzi za pa WhatsApp, pofika madzulo chinali chitasungunuka. Wofuna kutsetsereka pa snowboard, thabwa loimapo potsetsereka pa chipale, ulendo wake ndi wa ku Lesotho, ku Afriski, malo a masewerawa m'mapiri a Maluti. Mumatenga N3, kupatuka ku Warden kulowera ku Bethlehem, kenako Fouriesburg, kudutsa pachipata cha Caledonspoort, Butha-Buthe, n'kuyamba kukwera Moteng Pass. Ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu, chipata chikakhala chopanda mzere. Pamwamba pa mtsetse ndi mamita 3,222, kuposa nsonga ya Sapitwa yomwe ili pa 3,002, ndiye musadabwe mukayamba wefuwefu pongomanga zingwe za mabuti.

Tayamba ndi phiri chifukwa phirilo ndi lomwe liyenera kukusankhirani thabwa, osati makanema a ku Alaska a pa YouTube. Mtsetse waukulu wa ku Afriski ndi wotalika pafupifupi kilomita imodzi basi, ndipo nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti. Chipale chambiri ndi chopangidwa ndi makina omwe amapopera madzi usiku kukazizira. Chotere sichikhala chofewa ngati thonje ayi, timibulu take n'tolimba ngati shuga wa bulauni. M'mawa chimakhala gwa ngati simenti, dzuwa likakwera chimasanduka phala, ndipo mithunzi ikabwerera madzulo phala lija limaumanso ndi mabampu ake omwe. Thabwa labwino pamenepa ndi lomwe mpeni wake, chitsulo cha m'mphepete chija, umaluma pa ayezi osaterereka.

Ogulitsa akanena kuti thabwa ndi aggressive all-mountain amatanthauza thabwa laukali: louma msana, losapindika msanga, losanjenjemera pa liwiro, lofuna munthu woliuza chochita nthawi zonse. Burton Custom X ndi limodzi mwa matabwa odziwika kwambiri a mtundu umenewu, ndipo n'lomwe anzathu ambiri amalitchula poyamba akatopa ndi matabwa obwereka.

Ligonekeni pa matailosi osalala, mugwade n'kuliyang'ana cham'mbali. Muona kuti pakati pake patukuka, pali kampata ka mamilimita ochepa, ndipo likugunda pansi pa malo awiri okha, pafupi ndi mphuno ndi pafupi ndi mchira. Kupindika kumeneku ndiye camber. Mukaimapo, kulemera kwanu kumaliwongola, ndipo mphamvu yofuna kubwerera ija imakanikiza mpeni wonse pa chipale kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Custom X ndi la camber yeniyeni, mkati mwake muli mtengo wopepuka wokutidwa ndi ulusi wa carbon, ndipo pansi pa mapazi mpeni anautulutsirako pang'ono kunja, zomwe a Burton amazitcha Frostbite. Zotsatira zake pa chipale cholimba cha m'mawa n'zosangalatsa zedi. Mukapendeketsa thabwa n'kupinda maondo, limalemba mzere umodzi wopyapyala ngati wa pensulo, ndipo potuluka pakona limakukankhani ngati mpira wa legeni. Silimveka phephephe kumphuno ngakhale mutathamanga chotani pa mtsetse waufupi ngati uwu.

Koma ubwino womwewo ndi umene umapweteka anthu. Malo awiri ogunda pansi aja sakhululuka. Mukalekerera thabwa kuti ligone chafulati pomwe likuyenda chammbali, mpeni wa kumunsi umakola chipale, thabwa limaima njii, inu n'kupitirira. Ukakola wa kuzala mumagwa chafufumimba, zikhatho ndi nthiti ndi zomwe zimalipira. Ukakola wa kuchidendene mumamenyetsa nkhongo pansi musanadziwe n'komwe chachitika. Thabwa lofewa limakupatsani kanthawi kokonza cholakwa, ili ayi. Chipewa choteteza mutu musachisiye m'galimoto.

Vuto lina la ku Afriski ndi chokwezera anthu. Kumtsetse waukulu amakukokani ndi T-bar, inu muli chiimire pa thabwa, phazi lakumbuyo lili lomasula. Thabwa louma la camber ndi lovuta kuliwongolera ndi phazi limodzi, makamaka m'kanjira momwe mwakumbika ndi anthu odutsa tsiku lonse. Matani stomp pad, kamphira kamapelepele kaja, kutsogolo kwa binding yakumbuyo (binding ndi chomangira buti pa thabwa). Pamwamba pa Custom X m'posalala kwambiri, buti lonyowa limangoterereka. Pomata, thabwa likhale louma ndi lofunda, mupukute ndi spiriti, ndipo musiye usiku wonse guluu agwire. Mukamata kunja kozizira kamagwa tsiku lomwelo.

Masana chipale chikasanduka phala la mabampu, Custom X limadula n'kudutsa, koma limafuna miyendo. Munthu amene amatsetsereka masiku anayi kapena asanu pachaka, chaka chonse ali pa ntchito ku Sandton kapena akuyendetsa galimoto, ntchafu zake zimayamba kuyaka isanakwane 2 koloko. Apa ndi pomwe maganizo athu ali: Custom X ndi thabwa labwino kwambiri, koma mwa anthu a ku Joni amene amalifuna, ochepa okha ndi amene angalidyerere. Ngati mumatha kukhota mbali zonse ziwiri pa mpeni wokha, mchira osakwekwereza, ndipo mumapitako kangapo nyengo iliyonse kapena mumakafikanso ku Ulaya, ligulireni. Ngati mukadakhota mokankha mchira ndi phazi lakumbuyo, ndalama zanu zigula mantha.

Lib Tech T.Rice Pro, thabwa la katswiri Travis Rice, linayankha funso la ayezi mwanjira ina, ndipo pa chipale cha makina njira imeneyi ikutikomera. Mpeni wake si wosalala, uli ndi timabampu tisanu ndi tiwiri mbali iliyonse, ngati mpeni wodulira buledi. Amautcha Magne-Traction. Kabampu kalikonse kamaluma pakokha, ndiye ngakhale mpeni utayamba kubuntha thabwa limagwirabe. Kapindikidwe kake n'kosakaniza: pakati pa mapazi linapindika ngati nthochi, msana wake uli wogunda pansi, komwe kumatchedwa rocker, pomwe pansi pa phazi lililonse pali camber. Choncho limazungulira mosavuta pa liwiro lochepa, ndipo silikola msanga. Kutsogolo ndi kumbuyo n'kofanana, ndiye wofuna kukalumpha ku Kapoko Park, bwalo lolumphira la pa Afriski, kapena kuyenda chobwerera m'mbuyo savutika. Cholakwika chake n'chakuti mukaligoneka chafulati pa chipale cholimba, monga pa T-bar paja, limayendayenda pansi pa mapazi ngati mwaponda sopo, chifukwa likutsamira pa nthochi ya pakati ija. Ena amazolowera tsiku limodzi, ena amadana nazo mpaka kalekale. Komanso kukankha kwake potuluka pakona sikufika pa Custom X.

Capita Mercury ndi lomwe tingauze munthu wamba kuti agule, amene wadutsa pa kuphunzira ndipo akufuna thabwa loti akule nalo. Lili ndi camber pakati pa mapazi, koma chakumphuno ndi kumchira anakweza pang'ono, ndiye malo okola aja sagunda pansi mwankhanza. Ndi lolimba mokwanira kuti lisanjenjemere, koma mungalipinde ndi miyendo ya munthu wa ku ofesi. Pa ayezi weniweni wa 9 koloko m'mawa limagonja pang'ono kwa awiri aja, koma mukanola mpeni bwino kusiyanako n'kochepa. Mtengo wakenso umakhala wotsikirapo poyerekeza ndi Custom X.

Jones Flagship tingolitchula mwachidule. Ndi thabwa lokongola, lamphuno yaitali yotukuka ndi mchira wopyapyala, lopangidwira chipale chakuya ndi mapiri akuluakulu. Wopita ku Alps kapena ku Japan alitenge. Pa kilomita imodzi ya chipale cha makina, lili ngati kugula lole yokagulira buledi pa spaza.

Manambala a kulimba omwe amalemba, monga 7 pa 10, musawakhulupirire kwambiri. Kampani iliyonse ili ndi muyeso wakewake, 7 wa Capita si 7 wa Jones.

Tsopano nkhani ya saizi, pomwe anthu a ku South Africa kuno amataya ndalama kwambiri. Saizi ya nsapato ya kuno ndi ya UK, pomwe matebulo a matabwa ambiri amalemba ya US, ndipo kwa amuna ya US imaposa ya UK ndi imodzi. Amene amavala 10 ku sitolo za ku Joni ndi 11 pa tebulo la Burton. Munthu amawerenga kuti thabwa lotakata limayambira cha pa 11, n'kuganiza kuti iye sizikumukhudza, chonsecho ndi iyeyo. Njira yosaphonya ndi kuyeza phazi m'masentimita. Ikani pepala pansi motsamira khoma, chidendene chigunde khoma, muimirire ndi kulemera kwanu konse, mulembe pomwe pathera chala chachitali. Muyeze mapazi onse awiri, mutenge lalikulu. Nambala imeneyo ndi mondo, ndipo imalembedwa m'buti lililonse la snowboard. Phazi la masentimita 28 ndi US 10.

Mabuti ayenera kupitirira m'mphepete mwa thabwa pang'ono, sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kuzala, chimodzimodzinso kuchidendene. Akapitirira kwambiri, mukapendeketsa thabwa pa chipale cholimba buti ndi lomwe limayamba kugunda pansi, mpeni n'kutukuka, inu n'kuseseleka ndi mimba. Pa thabwa laukali vutoli limakula chifukwa cholinga chake chenicheni ndi kupendekeka kwambiri. Custom X la masentimita 158 chiuno chake chili cha m'ma mamilimita 254, pomwe 158W, lotakata, chili cha m'ma 262. Mamilimita asanu ndi atatu amaoneka ochepa pa lula, koma pa phiri ndi omwe amasiyanitsa kukhota ndi kugwa. T.Rice Pro mwachibadwa ndi lotakatirapo, choncho limayanja amapazi akuluakulu. Kulakwitsa mbali inayi kuliponso: phazi laling'ono pa thabwa lotakata limachedwa kuchoka mpeni wina kupita pa unzake, ndipo akakolo amatopa.

Kutalika kwa thabwa kumatsatira kulemera kwa thupi. Zija zoti thabwa lifike pachibwano ndi za kumalo obwereketsa komwe alibe nthawi yokufunsani zambiri. Thabwa silidziwa kutalika kwanu, limangomva makilogalamu omwe akulikanikiza. Saizi iliyonse ili ndi malire a kulemera pa tebulo la kampani, ndipo pa thabwa louma yesetsani kukhala pakati kapena chakumtunda kwa malirewo. Munthu wa makilogalamu 65 akakwera 162 chifukwa choti analipeza lotchipa, sangathe kuwongola camber ija, ndiye pakati pa mpeni sipagunda chipale bwinobwino ndipo thabwa limakana kukhota. Pa mtsetse waufupi wodzaza ana a sukulu ya ski, mukakayika pakati pa masaizi awiri tengani lalifupi.

Custom X lili ndi nkhani ina yomwe ogula pa intaneti amaizindikira katundu atafika kale. Matabwa a Burton alibe mabowo a masikuluwu ngati ena, ali ndi timigula tiwiri totchedwa The Channel, ndipo binding iliyonse imamangidwa ndi masikuluwu awiri okha. Ubwino wake mumasuntha mapazi mpaka pomwe mukufuna. Koma ma binding a kampani ina amafuna disc, kambale kopanira binding pa thabwa, yogwirizana ndi Channel, ndiye muone kuti ili m'bokosi. Ma binding a Burton olembedwa EST amalowa pa Channel pokha, sangamangike pa Capita, Lib Tech kapena Jones. Olembedwa Re:Flex amalowa konse. Popeza masikuluwu ndi awiri okha, akamasuka pang'ono binding imaseseleka mumgula muli pakati pa mtsetse. Yendani ndi sikuludiraiva ya Phillips nambala 3 m'thumba, mukhwimitse m'mawa uliwonse. Nambala 2 imalowa ndithu, koma imadya mutu wa sikuluwu. Guluu wamadzi womangira masikuluwu musathire, amawononga pulasitiki ya disc.

Thabwa louma limafuna ma binding ouma ndi mabuti ouma. Kuvala mabuti ofewa a ophunzira pa Custom X kuli ngati kuyendetsa galimoto yamphamvu ndi chiwongolero cholobodoka: mumatsamira kuzala, buti limapindika, thabwa osamva kanthu. Ndalama zikachepa, yambani ndi mabuti abwino okukwanani thithithi, chidendene chosatukuka mkati, thabwa libwere pambuyo. Poyambira kaimidwe, kutanthauza kapotokedwe ka ma binding pa thabwa, madigiri +15 phazi lakutsogolo ndi -15 lakumbuyo ndi a wokonda kulumpha ndi kubwerera m'mbuyo. Wokonda kudula makona pa liwiro ayese +18 ndi -6, kapena +21 ndi +6, aone momwe maondo akumvera.

Matabwa onsewa pansi pake ndi pa mtundu wa sintered, pomwe pamamwa wax, sera wotereretsa thabwa, ndipo pamathamanga, koma pakauma pamakhala pochedwa kuposa thabwa lotchipa. Chipale cha makina chimapala wax ngati sandipepa. Pakatha masiku awiri kapena atatu muona m'mphepete mwa mipeni mwayera mbuu, ndiye kuti pauma. Kuthira wax si ntchito yofuna katswiri. Masulani masikuluwu a ma binding kaye, chifukwa akakhala okhwima kutentha kumasiya timaenje pansi moyang'anizana nawo. Pukutani dothi. Tenthetsani simbi pa madigiri olembedwa pa paketi ya wax, nthawi zambiri pakati pa 120 ndi 140. Ikatulutsa utsi yatentha kwambiri. Donthezani wax, musite kuchoka kumphuno kupita kumchira simbi osaimitsa malo amodzi, apo ayi guluu wogwira thabwa mkati amalekana. Lisiyeni lizizire kwa theka la ola kapena kuposerapo, mupale ndi chopalira cha pulasitiki mpaka wax asaonekenso, mumalize ndi bulashi ya nayiloni. Wax wofunika ndi amene walowa mkati, wotsala pamwamba amangokuchedwetsani. Simbi yakale yositira zovala imagwira ntchito bola ikhale yopanda madzi, koma ikatero isabwererenso ku malaya oyera a ku tchalitchi, mayi akunyumba angakuthamangitseni.

Mpeni unoleni ndi tupa ya m'chogwirira chake cha madigiri 88 kapena 89, kukoka mbali imodzi yokha kuchoka kumphuno. Yesani ndi chikhadabo: mpeni wakuthwa umapala kaufa koyera. Pa Custom X, bunthitsani pang'ono masentimita awiri kapena atatu pa malo ogunda pansi aja ndi mwala wofewa wa gummy, kukola kuja kumachepa. Pa Magne-Traction gwiritsani tupa yaifupi, yaitali imadumpha timabampu n'kudya nsonga zake zokha. Ndipo mukafika ku Joni musasiye thabwa m'chikwama. Maola asanu m'galimoto yofunda chipale chotsalira chimasungunuka, pofika mawa mipeni yafiira ndi dzimbiri. Litulutseni, mulipukute, liume. Nyengo ikatha mu Ogasiti lipakeni wax wambiri mpaka kukuta mipeni, osapala, n'kulisunga m'nyumba. Galaja ya malata ya mu Disembala si malo ake.

Pogula, nyengo yathu yotembenuka imatithandiza. Masitolo a ku Ulaya ndi ku America amatsitsa mitengo mu Malichi ndi Epulo chisanu chawo chikamatha, ife tikukonzekera Juni. Thabwa la chaka chatha nthawi zambiri limasiyana ndi latsopano pa zojambula zokha. Powerengera, onjezani VAT ya 15 peresenti ndi ndalama yotumizira, yomwe imakwera chifukwa phukusi lotalika mita imodzi ndi theka amalilipiritsa mwapadera. M'bale wobwera pandege akhoza kukunyamulirani, koma afunse kaye malamulo a katundu wa masewera ku kampani ya ndegeyo. Tinenenso izi poti tili pakati pa abale: Caledonspoort ndi chipata chenicheni cha dziko. Amene masiku ake a pa pasipoti anapitirira, potuluka amamuletsa kulowanso mu South Africa kwa chaka chimodzi ngati sanapitirire masiku 30, ndipo zaka zisanu ngati anapitirira. Konzani mapepala musanaganize za thabwa.

Matabwa akaunjika amapezeka pa Facebook Marketplace ndi Gumtree, kawirikawiri kwa anthu amene anagula thabwa laukali n'kupeza kuti lawakulira. Mwayi ulipo, koma kaoneni ndi maso, ndipo mutenge sikuluwu ya M6 ndi sikuludiraiva. Ligonekeni pansi muone ngati kampata ka camber kadakalipo, thabwa lotopa limagona fulati. Yendetsani chala m'mbali monse kufufuza pomwe chikopa cha pamwamba chikulekana ndi mpeni, makamaka kumphuno ndi kumchira, chifukwa madzi akalowa pamenepo mtengo wa mkati umafufuma. Mikwingwirima yosazama pansi si vuto, imatsekeka ndi kandulo ya P-Tex. Bala lofika pa ulusi kapena pa mtengo limafuna guluu wolimba wa epoxy, ndipo likakhala logundana ndi mpeni mtengo utsike kwambiri. Mpeni wothyoka kapena wolowa mkati pansi pa phazi ndi chizindikiro choti linamenya mwala kapena chitsulo mwamphamvu, lisiyeni. Muuze wogulitsa achotse ma binding, ming'alu imakonda kubisala pansi pake. Pa Custom X yendetsani timanati ta mumgula kuchoka uku kufika uko, tiziyenda osakakamira. Pa matabwa enawo lowetsani sikuluwu yanu m'bowo lililonse, limodzilimodzi, ndipo ikazungulira osagwira pa bowo lomwe phazi lanu lidzakhalepo, bwezani thabwalo kwa mwini wake.